Nyemba za m'botolo: tomato ayambe wadikira

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo pa nkhani ya kukhitchini imene ena angaiyese yaing'ono, koma kwa ine ndi yaikulu chifukwa ikukhudza mimba za anthu. Masiku ano kwafala chizolowezi cholongedza zophikira zouma m'botolo lagalasi, nyemba pansi, zokometsera pamwamba, kuti tsiku limene munthu watopa angokhuthulira zonse mu pressure cooker, poto wotsekeka wophika ndi mphamvu ya nthunzi, athire madzi, atseke, pakapita kanthawi adye. Chakudya chimene ambiri amakonda kulongedza chonchi ndi chotchedwa chili, cha nyemba chopanda nyama. Nzeru imeneyi ndi yabwino ndipo inenso ndimaigwiritsa ntchito. Chandilembetsa kalatayi n'chakuti ambiri ophunzitsa anzawo kulongedza mabotolowa amalabadira kukongola kwa botolo kuposa nyembazo. Amasanja mizere yofiira, yakuda ndi yoyera kuti maso akopeke, ufa wa tomato n'kuusakaniza momwemo, ndipo mapeto ake wophika amatsegula poto n'kupeza nyemba zolimba ngati miyala zikusambira m'msuzi wofiira.

Ine ndinayamba kulongedza mabotolowa chifukwa cha mwana wanga wamkazi. Iye sadya nyama, nsomba, mazira, mkaka ngakhale uchi. Ali m'gulu la anthu otchedwa vegan. Atachoka pakhomo kukapitiriza maphunziro, nkhawa yanga inali yakuti mwana wofika m'chipinda mwake usiku, mutu utatopa ndi mabuku, azingodya zotolatola. Chakudya chophikaphika sindingamutumizire, chingaonongeke chisanafike. Zouma zokha ndi zimene zimapirira ulendo. Choncho botolo lililonse ndimalilongedza ndikudziwa kuti wodzalitsegulayo adzakhala ali yekha, ali ndi njala, wopanda womufunsa ngati zinthu zitavuta. N'chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga mwachibwana.

Kwa amene sanamulaweko, chili ndi chakudya cha msuzi wogwirana, wonunkhira tsabola ndi njere zokometsera zotchedwa cumin, ndipo kwawo ndi kumalire a Texas, chigawo cha ku America, ndi dziko la Mexico. Mumzinda wa San Antonio ku Texas, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, amayi ankamugulitsa madzulo m'mabwalo a mumzindawo, akumuphika m'miphika ikuluikulu, mpaka cha m'ma 1930 pamene akuluakulu a zaumoyo anayamba kuwaletsa.  M'zaka za m'ma 1890 William Gebhardt, amene anachokera ku Germany n'kukakhazikika ku New Braunfels ku Texas komweko, anayamba kugulitsa ufa wa tsabola wosakaniza kale ndi zokometsera zina. Ndikutchula bambo ameneyu chifukwa ntchito yake ndi yomweyi imene ife tikuchita m'mabotolomu: anaumitsa ndi kupera zimene zinkapezeka pa nyengo yake yokha kuti zizipezeka chaka chonse. Mu 1977 boma la Texas linalengeza kuti chili ndiye chakudya choimira chigawocho. Eni ake ambiri kumeneko amaumirira kuti chili weniweni ndi wa nyama ya ng'ombe ndipo salowamo nyemba. Sindikutsutsana nawo pa mwambo wawo. Koma kwa ife amene tachotsamo nyama, nyemba ndiye mwini mphika, ndipo zikapanda kupsa palibenso china chimene chingapulumutse chakudyacho.

Tsono vuto la tomato ndi ili. Timagawo tating'onoting'ono ta mkati mwa nyemba timagwirizanitsidwa ndi chinthu chotchedwa pectin. Kuti nyemba ifewe, pectin ameneyu amayenera kusungunuka ndi kutentha kwa madzi. Chinthu chilichonse chowawasa chimamulimbitsa kuti asasungunuke msanga. Tomato ndi wowawasa, ndipo akaumitsidwa n'kuperedwa kuwawasa konse kumasonkhana m'kaufa kochepa. Mukathira ufa umenewu m'madzi pamene nyemba zikanali zouma, mwazitsekera khomo. Zimatha kukhala pamoto nthawi yowirikiza kawiri koma khungu lili gwa, mkati muli ntchintchi. Vinyo wosasa, madzi a mandimu ndi zina zowawasa zimachitanso chimodzimodzi. Madzi okhala ndi calcium wambiri nawonso amalimbitsa nyemba, ndipo ngati madzi anu ndi otero, kasoda kophikira kongotsina ndi zala ziwiri kamathandiza, koma kakachuluka kamaononga kakomedwe ndipo nyemba zimasanduka phala.

Pali anthu ambiri amene mlandu umenewu amaupachika pa mchere. Amati musathire mchere nyemba zisanapse. Ine ndimathira pachiyambi pomwe, ngakhale m'madzi oviikira, ndipo nyemba zimafewa bwinobwino, khungu lake silisweka chisawawa, komanso mchere umalowerera mpaka mkati. Wolakwa ndi tomato. Mchere ausiye.

Palinso chifukwa chachiwiri chimene sindisakanizira ufa uliwonse ndi nyemba, ndipo ndimadabwa kuti sichitchulidwa. Nyemba zouma zimafunika kuzisankha ndi kuzitsuka. Ngakhale za m'paketi yooneka yaukhondo mumapezeka kamwala, kadothi kouma, kapena nyemba yofumbwa. Nanga munthu angatsuke bwanji nyemba zimene zapakika ufa wa adyo ndi paprika, ufa wa tsabola wofiira? Akatsuka, zokometsera zonse zapita ndi madzi. Akapanda kutsuka, fumbi lalowa m'chakudya. Ndiponso sangathe kuziviika. Botolo losakaniza zonse limamulanda wophika ufulu wochita zinthu zitatu zimene nyemba zimafuna.

Mmene ine ndimachitira ndi motere. M'botolo la lita imodzi ndimaikamo makapu awiri a nyemba, pafupifupi magalamu 400, zosankhidwa kale. Kawirikawiri ndimaphatikiza zakuda ndi zamawangamawanga za mtundu wa pinto, chifukwa kukula kwake n'kofanana ndipo zimapsera limodzi. Sindiphatikiza nyemba zikuluzikulu ndi mphodza, ngakhale zimakongola m'galasi, chifukwa pofika poti zikuluzikuluzo zifewe mphodza zimakhala zitasungunuka kalekale n'kumatirira pansi pa poto. Pamwamba pa nyembazo ndimaika timapepala tiwiri tomangamanga. M'koyamba mumakhala masupuni aakulu atatu a anyezi wouma, supuni yaing'ono ya ufa wa adyo, masupuni aang'ono awiri a cumin, imodzi ya oregano, supuni yaikulu ya paprika, tsabola wowawa molingana ndi lilime la wodyayo, masamba awiri a bay ndi mchere. M'kachiwiri mumakhala masupuni aakulu anayi a ufa wa tomato, kapena tomato wouma woduladula, ndi supuni yaing'ono ya ufa wa koko wopanda shuga. Kokoyu sapangitsa chakudyacho kukoma ngati chokoleti ayi. Amangopatsa msuzi mtundu wakuda ndi kakomedwe kozama kamene anthu amakasowa nyama ikachotsedwa. Ndikafuna kuti mukhale zotafuna, m'kapepala kachiwiri komweka ndimaonjezamo theka la kapu ya tizidutswa ta soya touma. Kapepala koyamba ndimakalemba nambala 1, kachiwiri nambala 2, ndi cholembera chosafufutika.

Amene mukulongedzera munthu wosadya zochokera ku nyama, werengani bwino zolembedwa pa timibulu tokometsera msuzi musanatiponyemo. Tina timakhala ndi mafuta a nyama kapena ufa wa mkaka ngakhale pachikuto pajambulidwa masamba. Ine ndinangotisiya, chifukwa anyezi, cumin ndi koko zimakwanira.

Pophika, madzulo kapena m'mawa munthu amachotsa timapepalato, n'kutsuka nyemba ndi kuziviika m'madzi ambiri kwa maola asanu ndi atatu. Madzi oviikirawo amataya. Mu poto wosatseka amatenthetsa masupuni awiri a mafuta, n'kukhuthuliramo kapepala koyamba ndi kutakasa. Apa ndi pamene pafunika maso ndi mphuno. Ufawo umachita thovu laling'ono m'mafutamo, mtundu wake umaderako pang'ono, ndipo fungo la cumin limakwera mwadzidzidzi mpaka kudzaza khitchini yonse. Sipadutsa ndi mphindi imodzi yomwe. Fungolo likangofika, thirani nyemba ndi madzi nthawi yomweyo, chifukwa paprika ndi adyo wouma sizichedwa kupserera ndipo zikapserera zimawawa. Chimene chimanunkhiritsa zokometserazi chimasungunuka bwino m'mafuta kuposa m'madzi, ndiye amene amangokhuthulira zonse m'madzi ozizira amataya theka la ubwino wake. Madzi apitirire nyemba ndi zala ziwiri zopingasa. Kenaka tsekani.

Nthawi muyambe kuwerenga pamene poto wafika pa mphamvu yake, kachitsulo ka pamwamba katayamba kulira kapena kachizindikiro katakwera, osati pamene mwayatsa moto. Nyemba zoviika, kwa ine, zimapsa pa mphindi 10 mpaka 12. Ngati mwana wanga waiwala kuviika, ndinamuuza kuti aonjezere madzi ndipo azipatse mphindi 30 mpaka 35. Nthawi ikakwana, zimitsani moto ndi kumusiya poto azizire yekha kwa mphindi 15 kapena 20. Musamutsegulire nthunzi mwachangu. Mphamvu ikagwa mwadzidzidzi, madzi a mkati amabwata mwaukali, nyemba zimasweka makungu, ndipo thovu lotentha limatha kutumphukira kunja kudzera pa kabowo.

Mukatsegula, chivindikiro mupendekere kumbali yakutali ndi nkhope yanu. Tolani nyemba imodzi, iuzireni, ifinyeni pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Ikaphwanyika mosavuta, mkati muli mofewa mpaka pakati popanda kadontho koyera kouma, ndiye kuti nthawi ya kapepala kachiwiri yakwana. Tsopano tomato alowe. Takasani, muwiritse pamoto wochepa poto ali wosatseka kwa mphindi 10 kapena 15, ndipo ndi chipande phwanyani nyemba zina m'mbali mwa poto kuti msuzi ugwirane. Kuwawasa komwe kuja kumene kukanaononga zinthu poyamba, tsopano kumathandiza, chifukwa kumagwira nyemba zimene zapsa kale kuti zisaphwasuke pamene msuzi ukulowerera. Pomaliza penipeni, kamadzi ka ndimu.

Pali phindu linanso posunga tomato mpaka pamapeto. Ufa wa tomato umalemera ndipo umakhazikika pansi. Mu poto wotseka simungatakase, ndiye umamatirira n'kupserera. Amene ali ndi mapoto amagetsi amadziwa mmene makinawo amazimira okha n'kulemba chenjezo lakuti pansi papsa, chakudya chisanafike n'komwe pa mphamvu.

Ndilankhulekonso za poto weniweniyo, chifukwa ambiri amamuopa ndipo ena samuopa mokwanira. Nzeru yake ndi yakale. Denis Papin, wa ku France, anaonetsa poto woyamba wa mtunduwu mu 1679 ku London, ndipo ndi iye amene anaikapo kavalavu kotulutsa nthunzi ikachuluka. Mu poto wamba madzi amawira pa madigiri 100 ndipo satenthanso kupitirira apo ngakhale musonkhezere moto chotani. Kumalo okwera amawira asanafike n'komwe pamenepo. Mu poto wotsekeka nthunzi imasowa kothawira, imapanikiza madzi, ndipo amatha kufika pa madigiri 121 m'mapoto a pamoto, kapena kucheperako pang'ono m'mapoto ambiri amagetsi. Kusiyana kwa madigiri pafupifupi 20 kumeneku ndi kumene kumafupikitsa ntchito ya maola awiri kukhala ya theka la ola. Koma chitetezo chonse chagona pa kabowo kakang'ono kotulukira nthunzi, ndipo nyemba ndi zina mwa zakudya zimene zimakatseka mosavuta chifukwa zimafufuma, zimachita thovu ndipo makungu ake amayandama. Choncho nyemba ndi madzi ake zisapitirire theka la poto. Mafuta aja amathandizanso kuchepetsa thovu. Musanatseke, nyamulani chivindikiro, loserani ku kuwala, suzumirani pa kabowo kaja; mukapanda kuona kuwala mbali inayo, katsukeni kaye. Mphira wa m'chivindikiro akauma kapena akang'ambika, gulani wina. Ndipo musalimbane ndi chivindikiro chimene chikukana kutseguka. Chikukana chifukwa mkati mukanali mphamvu.

Tsopano nkhani imene ndikupempha kuti owerenga asaidumphe. Nyemba zambiri zosaphika zili ndi poizoni wachilengedwe wotchedwa phytohaemagglutinin, ndipo amachuluka kwambiri mu nyemba zofiira zazikulu zooneka ngati impso, zimene ndi zomwenso anthu amakonda kuika mu chili. Nyemba zinayi kapena zisanu zokha zosapsa zingadwalitse munthu. Pakapita ola limodzi mpaka atatu amayamba nseru, kusanza kwambiri, kenaka kutsegula m'mimba. Ambiri amachira tsiku lomwelo, koma kwa mwana wamng'ono kapena munthu wokalamba si nkhani yoseweretsa. Poizoniyu amafa ndi kubwata kwenikweni. Bungwe la FDA, loona za chakudya ndi mankhwala ku America, limalangiza kuviika nyembazi kwa maola osachepera asanu, kutaya madziwo, ndi kuziwiritsa m'madzi atsopano kwa mphindi 30. Pressure cooker amene wafika pa mphamvu yake amathana nalo vutoli, chifukwa kutentha kwake n'koposa madzi obwata. Ngozi ili kwa munthu amene walandira botolo ngati mphatso koma alibe poto wotere, ndiye akukhuthulira zonse mu slow cooker, poto wamagetsi wophika pang'onopang'ono tsiku lonse. Ena mwa mapoto amenewa safika pobwatitsa madzi. Nyemba zimatha kuoneka ngati zafewa poizoni akanalimo. Wolongedza botolo sakhalapo pamene likutsegulidwa, choncho chenjezolo liyenera kuyenda ndi botololo. Ine ndimalemba pa pepala ndi kulimata pagalasi, osati pachivindikiro chimene chingasinthanitsidwe.

Pa kasungidwe, mdani wamkulu ndi chinyezi. Botolo likhale louma kotheratu musanaikemo kanthu. Anyezi kapena tomato amene mwaumitsa nokha akhale wothyoka mukamupinda. Ngati akungopindika ndiye kuti madzi akanalimo ndipo nkhungu idzamera. Anankafumbwe nthawi zambiri amabwera ali mazira kapena mphutsi mkati mwa nyemba zomwezo, ndiye ine ndimayamba ndaziika nyembazo mufiriji, mbali youmitsa madzi ija, kwa masiku angapo, kenaka ndimazisiya zibwerere mwakale zili m'chotengera chotseka kuti zisatuluke thukuta, n'kulongedza. Botolo likhale m'kabati ya mdima, kutali ndi moto. Ndikudziwa kuti limakongola pawindo, koma kuwala ndi kutentha zimafwifwitsa paprika ndi kuthetsa fungo la cumin. Lembaninso mwezi ndi chaka. Nyemba zouma siziola msanga, komabe zimakalamba, makamaka pamalo otentha ndi achinyezi, ndipo zokalamba zimakana kufewa ngakhale mu pressure cooker. Ine ndimafuna botolo lidyedwe miyezi isanu ndi umodzi isanathe.

Ena amandifunsa ngati mwana wanga amakhuta ndi kupeza mphamvu ndi chakudya chotere. Amakhuta. Pa magalamu 100 a nyemba zouma, oposa 20 ndi zomanga thupi, ndipo mulinso ayironi wothandiza magazi. Ayironi wa m'zomera thupi sililandira mosavuta ngati wa mu nyama, koma vitamini C amathandiza kuti alowe, ndiye kamadzi ka ndimu kaja kali ndi ntchito yoposa kukometsa. Chimene m'botolomo mulibe ndi vitamini B12, ndipo aliyense amene wasiyiratu zochokera ku nyama ayenera kumupeza m'mapiritsi kapena m'zakudya zimene anamuonjezeramo. Izi ndimamukumbutsa mwana wanga pafupipafupi, ngakhale iye amati amadziwa kale. Za mpweya wa m'mimba, zimachitika chifukwa nyemba zili ndi mitundu ina ya shuga, monga raffinose ndi stachyose, imene matumbo athu aang'ono satha kugaya. Kuviika ndi kutaya madzi kumachotsako ina, ndipo thupi limazolowera munthu akamadya nyemba kawirikawiri.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti ndaononga cholinga chonse, chifukwa botololo linapangidwira kuti munthu angokhuthula kamodzi n'kuiwala. Ntchito imene ndaonjezera ndi kumasula timapepala tiwiri ndi kuima pa poto mphindi khumi pamapeto. Kusenda anyezi kulibe, kuyeza masupuni kulibe, kuthamangira kukagula chimene chasowa kulibe. Zonsezo ndinachita kale ine tsiku lolongedza. Mphindi khumizo ndi zochepa poyerekeza ndi kutsekanso poto kachiwiri ndi kachitatu, munthu ali ndi njala, kudikira nyemba zimene sizifewa.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi lakuti mukamasindikiza maphikidwe a nyemba zouma, makamaka awa a m'mabotolo amene anthu akupatsana ngati mphatso, musamadule mizere ya chenjezo pofuna kusunga malo a chithunzi. Mizere yake ndi itatu yokha: zowawasa zilowe nyemba zitafewa, poto asadzaze kupitirira theka, ndipo nyemba zofiira zouma zisaphikidwe mu slow cooker zisanabwatitsidwe. Olemba maphikidwe anu muwapemphenso kuti azinena ngati nthawi imene alemba ndi ya nyemba zoviika kapena zosaviika, chifukwa owerenga ambiri amasokonezekera pomwepo.

Ine wanu,
Mayi wowerenga nyuzipepala yanu